Nkhuku za pa Chinkhoswe

Kutchalitchi cha Amalawi ku Bradford, aliyense ankanong'ona kuti a Kenani athawa banja, akukhala ndi nesi wina ku Bolton. Mkazi wawo, Eneless, ankangomwetulira. Kwa iye bola kuthawidwa kusiyana n'kuti anthu adziwe zoona: bambowo anali otsekeredwa, akudikira ndege yowabweza kumudzi.

Mlandu wake? Kuwotcha nkhuku, anthuni. Chiphaso chawo chokhalira m'dzikomo chinali cha ntchito yosamalira okalamba basi, ndiye a boma ataona chithunzi chawo atavala epuloni m'khitchini ya holo ina, anati akugwira ganyu mozemba.

Loya anamuuza Eneless za njira yotchedwa habeas corpus. Mumadandaula kukhoti lalikulu, woweruza n'kuwerenga. Akaona kuti nkhani ilipo, amaitana amene akusunga munthuyo kuti anene lamulo limene akumusungira. Akalephera, chitseko chimatseguka. Koma pankafunika mboni yolumbira kuti kuholoko kunali chinkhoswe, ndipo pachinkhoswe wowotcha nkhuku salipidwa, amangothandiza.

Mboni yake inalipo imodzi: mayi Edwina, amene ankayang'anira zophika tsikulo n'kujambula zonse pafoni. Vuto linali lakuti mayi omwewo ndi amene anayambitsa za ku Bolton zija. Kuwauza iwo kunali ngati kulengeza pa guwa.

Eneless anaima pakhomo pawo mpaka mvula inamulowa m'nsapato, kenako anagogoda.

"Amayi, a Kenani sali ku Bolton. Anawatsekera."

Mayi Edwina anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye mwandisiya ndikunama nthawi yonseyi, achemwali? Ndevu zikupsa, inu n'kumabisa utsi?"

Umboni wa mayi Edwina unatalika kwambiri moti loya anachita kudula za diresi la apongozi ndi za amene anabisa ntchafu m'chikwama. Kukhoti ku Leeds, woweruza anaonera vidiyo ya a Kenani akuvina ndi chiphaniro chowotchera m'manja, ankhoswe akuwatchula kuti mlamu. Anafunsa loya wa boma ngati ali ndi chifukwa china chowasungira. Loyayo anatembenuza mapepala, n'kukhala pansi.

Lamlungu a Kenani analowa m'tchalitchi, suti ikuwakhwepa. Nkhani yonse inali itafika kale, yothiridwa mchere, ndipo Eneless anayenda pambali pawo mutu uli m'mwamba. Mayi Edwina anawasungira malo kutsogolo.

Nanga inuyo, mukanagogoda pakhomo paja?