Magazi Amene Anakana Chifuwa

"Mayi Filomena, tayezanso ndipo zatuluka chimodzimodzi," anatero nesi Mabel, uku akukoka mpando kuti akhale pafupi nane. "M'magazi mwanu simukuoneka kuti kachilombo ka chifuwa chachikulu kanapondamo."

Zaka ziwiri ndinagona chipinda chimodzi ndi mwamuna wanga Geresomo, zenera lotseka chifukwa cha udzudzu wa kuno ku Chikwawa. Ndinkamutayira makhololo, kumutembenuza, kumumwetsa phala. Munthu amene ankadula nzimbe tsiku lonse osawerama msana anasungunuka ngati sopo ine ndikuona, mpaka tinamuika m'manda.

"Ndiye mwandiitaniranji ngati sindikudwala?"

"Chifukwa chake n'chomwecho," anatero Mabel. "Katemera uja tinabayidwa tili makanda amateteza ana, koma akuluakulu satitchinjiriza mokwanira. Ofufuza akufuna wina watsopano. Vuto n'lakuti ukabaya munthu katemera woyesera, umadikira zaka kuti uone ngati adwale kapena ayi, ndipo podikirapo anthu akutha. Koma alipo ochepa ngati inu, amene kachilombo kanagogoda n'kubwerera pakhomo. Tikuganiza kuti magazi anu ali ndi zizindikiro zosonyeza thupi lotetezeka. Tikazidziwa, tizidzangoziyang'ana m'magazi a wobayidwayo, n'kudziwa msanga ngati katemerayo akugwira."

"Monga timadziwira kuti Shire asefukira poona madzi ada, mvula isanagwe kuno?"

Anaseka. "Monga choncho. Koma ndisakunamizeni, mwina sitipeza kanthu. Ndipo muli ndi ufulu wokana."

Sindinakane. Tinagwirizana kuti azibwera kumudzi pagalimoto ya chipatala kudzatenga magazi pang'ono.

Chinali chaka chija mphekesera ya anamapopa inatsetsereka kuchokera kumapiri n'kudzaza chigwa chonse. Aliyense wonyamula chikwama chachilendo ankaoneka ngati wabwera kudzapopa anthu magazi. Tsono nkhani yanga sinachedwe kumveka. Mlamu wanga Augustino, mkulu wake wa malemu, anandipeza ndikupeta mapira pakhonde. Sanalonjere.

"Alamu, mng'ono wanga munamumaliza. Iye mafupa okhaokha, inu muli gwa ngati mlambe. Mudzi wonse ukudziwa kuti ndi ufiti umene unakusungani. Tsopano mwayamba kuitana anamapopa?"

"Pamene mng'ono wanu ankasanza magazi, inu munkaima kumpanda uko, chipewa pamphuno, n'kumafunsa kuti wadzuka bwanji. Lero mwalimba mtima mpaka kufika pakhonde?"

Nkhope yake inachita mdima. "Galimoto imeneyo ikalowa muno tiyiotcha. Inu mubwerera kwanu kutsidya, Priska mutisiyira. Mwanayo ndi wathu, tinalowola."

Priska anali mwana wanga yekhayo, wazaka zisanu ndi chimodzi. Koma lichero sindinaliike pansi.

"Nkhabe," ndinatero m'Chisena cha mayi anga, mawu amene amatseka nkhani. "Ayi. Mwanayu adzakula, ndipo chifuwa chimene chinatenga bambo ake chidzamudikira panjira. Ngati m'thupi mwangamu muli chomutchinga, ndichipereka."

Galimoto inabwera Lachinayi m'mawa. Ndinali pamjigo pamene ndinamva mfuu. Anyamata anali atagwetsa chipika cha msangu pamsewu, ndipo anthu anazinga galimotoyo, ena ndi miyala, ena ndi zikwanje zodulira nzimbe. Dalaivala ankafuna kubwerera chafutambuyo koma kumbuyo nakonso kunali anthu. Mwala woyamba unaphwanya galasi lam'mbali.

Ndinasiya ndowa ikusefukira. Ndinadutsa pakati pa anthuwo ndikuwakankha ndi zigongono, anthu amene ndinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi, n'kukagogoda pachitseko.

"Anesi, tsikani. Magaziwo mutengere pompano."

"Mayi Filomena, atipha," ananong'ona Mabel.

"Akayambe ndi ine. Tsikani."

Ndinakhala pachipika chija n'kukwinyira dzanja la bulauzi m'mwamba. Kenaka ndinawayang'ana mmodzimmodzi.

"Bwerani pafupi, muonetsetse! Mumati amapopa mobisa, lero muonere dzuwa likuswa mtengo. Iwe Dorika, mwana wako wamkulu anapita ndi chiyani? Inu bambo a Rodgers, akazi anu anawapopa ndani? Chimene chikutimwa magazi m'mudzi muno mukuchidziwa, ndipo sichibwera pagalimoto."

Dorika anagwetsa nkhope pansi.

Ulendo woyamba Mabel anaphonya mtsempha. Ndinamugwira pamkono. "Bayaninso, mwana wanga, musathamange." Ulendo wachiwiri singano inalowa, ndipo magazi anayamba kukwera m'kabotolo kochepa ngati chala. Anthu anasendera, makosi atatalika. Atadzaza timabotolo take, ndinatenga kamodzi n'kukakweza m'mwamba.

"Ndi amenewa. Nkhunda ikaphedwa imataya ochuluka kuposa apa. Ndi anga, sindinabe, ndipo sindikugulitsa. Mwawatcha magazi a mfiti. Apite akawaone amene ali ndi makina oonera, adzatiuze chimene chilimo."

Apo m'pamene Augustino anatulukira kutsogolo, mwala waukulu uli m'manja. "Musamumvere mkaziyu!" anakuwa. "Ameneyu ndi..."

Chifuwa chinamugwira, chouma, chochokera pansi penipeni, mtundu umene ine ndinkaudziwa kuposa wina aliyense pamenepo. Anawerama. Mwala unagwa. Anatseka pakamwa ndi dzanja la malaya, ndipo atalichotsa, nsalu yoyerayo inali ndi madontho ofiira.

Anthu anabwerera m'mbuyo onse pamodzi, ngati nkhuku zaona mthunzi wa kabawi. Anyamata omwe anabwera nawo anakokera malaya kumphuno. Anatsala yekha pakati pa bwalo la fumbi, maso ali mwazumwazu kufunafuna woti amuyang'ane.

Ndinaimirira. Kathonje kamene Mabel anandiika kanagwa, koma sindinakatole. Ndinapita n'kumugwira mlamu wanga, dzanja limodzi pachifuwa, lina pamsana, ndipo pansi pa malaya ndinamva nthiti zokhazokha.

"Anesi," ndinaitana osacheuka, "m'galimotomo muli malo a munthu mmodzi?"

Augustino anangotsamira paphewa langa, thupi lonse likutentha, uku kamzere ka magazi kakutsika pamkono wanga n'kumadonthera pamalaya ake.