Lipenga la a Tadokoro

Ndinayamba kuimba chitoliro mu bandi ya Paki ya Hoshigaura ndili mtsikana, paki ya zisangalaloyo itangotsegulidwa kumene pagombe la chilumba cha Kyushu. Tinalipo ambiri masiku amenewo. Masana alionse tinkaguba titavala majekete ofiira, kuchokera pachipata mpaka kunyumba yachifumu ya pakati pa dziwe, ana akutithamangira m'mbuyo.

Kutsogolo kwathu kunkakhala a Tadokoro ndi lipenga lawo, bambo wamfupi wa khosi lonenepa, wovuta pa ntchito. Ukaphonya nyimbo ankakusungira mpaka nthawi ya nkhomaliro.

"Iwe Mineko, umaimba chitoliro paja kapena umauzira tiyi?"

Ndinalirapo kangapo chifukwa cha iwo. Koma akakweza lipenga lija, ngakhale anthu a m'mahotela kutsidya kwa dziwe ankatsegula mawindo.

Patapita zaka, paki inagulidwa ndi kampani ina. Poyamba anazula maluwa n'kuikapo apulasitiki. Kenako anatseka madzi othovoka pakati pa dziwe, dziwelo n'kuchita ndere. Pa chigudumu chachikulu chokwezera anthu m'mwamba anapachikapo chikwangwani chakuti "Tikukonza", ndipo chinakhala pamenepo mpaka zilembo zake zinafufutika. Mtengo wolowera wokha ndi umene unkakwera. Mu bandi, aliyense wopuma pa ntchito sankalowedwa m'malo, mpaka tinatsala asanu.

Tsiku lina bwana watsopano, a Kuwabara, anatiitana. Anali munthu waulemu, ndipo anawerama kwambiri asanayankhule. Anati kuyambira mwezi wamawa nyimbo zizichokera m'zokuzira mawu za m'mitengo ya magetsi. Adzalemba ana a sukulu aganyu kuti mzere uzioneka wautali, ndipo tonse tizingogwira zoimbira n'kumayendetsa zala.

"Ndiye ife ntchito yathu ikhala yotani?" anafunsa a Tadokoro.

"Muzimwetulira, bambo."

"Munthu amamwetulira bwanji lipenga lili pakamwa?"

Tinaseka, koma a Kuwabara anangoweramanso. Ndinkaganiza kuti a Tadokoro asiya ntchito tsiku lomwelo. Sanasiye. Akazi awo, a Yasuko, anali atadwala matenda ofa ziwalo, ndipo pa msinkhu umenewo akanapita kuti?

Tinaguba choncho zaka zingapo. Chipinda chimene tinkayeseramo nyimbo anachisandutsa mosungira zidole zogulitsa. Kunyumba a Tadokoro sakanatha kuimba, pakuti makoma a m'nyumba zosanjikizana ndi opyapyala, ndiponso a Yasuko ankagona masana. Lipenga lokha ankalipukutabe mpaka kunyezimira.

Zinachitika pa Tsiku la Ana, mwezi wa Meyi, mbendera zooneka ngati nsomba, zokondwerera tsikulo, zikupepera paliponse. Anthu anali atadzaza ngati kale. Titafika pamlatho, zokuzira mawu zinalira kuti phwa, n'kungoti zii. Ana aganyu aja sanazindikire msanga. Anapitiriza kutupitsa masaya ndi kuyendetsa zala, woimba ng'oma akumenya m'malere. Kunkangomveka nsapato zathu.

"Amayi, taonani! Akunamizira!" anakuwa mtsikana wina wamng'ono.

Anthu anayamba kuseka, ena akukweza mafoni kutijambula. Pamenepo a Tadokoro anaima, nakoka mpweya, n'kuuzira lipenga lija zenizeni. Koma chimene chinatuluka chinali kulira kosasa, konga kwa tsekwe. Milomo yawo inali itafooka. Anayesanso, nkhope itafiira, mitsempha ya m'khosi itatupa. Nyimbo inayamba bwino pang'ono, kenako pokwera inathyoka. Ine ndinalowapo ndi chitoliro kuti ndiwathandize, koma mphepo ya kunyanja inameza mawu ake onse.

Anthu anaganiza kuti ndi sewero la nthabwala, ndipo anaomba m'manja akufa nacho chiseko. A Tadokoro anatsitsa lipenga, nawerama mbali zonse ziwiri monga mwa mwambo, n'kutitsogolera mwakachetechete mpaka kunyumba yachifumu.

A Kuwabara sanawakalipire. Anabwera okha kudzapepesa za mawaya a zokuzira mawu zija, amene anati anali atawadandaulira akuluakulu kuyambira chaka chatha. A Tadokoro anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapinda jekete yawo bwinobwino n'kuisiya pampando.

Ndinakawaona patapita milungu ingapo, nditatenga makeke a nyemba amene a Yasuko ankakonda. Ndinawapeza akuwadyetsa phala la mpunga ndi sipuni.

"Abambowa akuti anapuma pa ntchito chifukwa cha mawondo," anatero a Yasuko movutikira. "N'zoona, Mineko?"

A Tadokoro sanandiyang'ane.

"N'zoona, mayi. Mlatho uja ndi wokwera," ndinatero.

Pondiperekeza pamasitepe, a Tadokoro anandifunsa ngati akupaki anakonza mawaya aja. Ndinati inde, anakonza tsiku lotsatira lomwe.

"Zili bwino," anatero. "Ana asamaone zoterezi."

A Yasuko anamwalira m'nyengo yozizira, ndipo a Tadokoro anasamukira kwa mwana wawo ku Kumamoto. Sayankha foni kawirikawiri. Ine ndikugubabe. Chaka chino atiuza kuti tiziguba Loweruka ndi Lamlungu lokha, ndipo masiku enawo ndimathandiza kugulitsa ayisikilimu pafupi ndi chipata.