Kugwa kwa Dzira

Dzina loti Dzira anamupatsa ndi amalume ake, chifukwa cha mmene amake ankamugwirira. Mwanayo anabadwa masiku asanakwane, ndipo zaka zake zoyamba anazithera kuchipatala ndi chifuwa. Anachira kalekale, adokotala anachita kunena okha, koma amake ankamva zimenezo? Mtsikana woti wawafika kale paphewa ankamuvekabe juzi dzuwa likuswa mtengo.

Holide itayamba, amalume omwewo ndiwo anamulembetsa kumasewera a sekasi, m'holo ya pasukulu. Amake Dzira anavomera chifukwa anamva kuti ndi zoponya timipira tansalu, ndipo mpira wansalu sunapwetekepo munthu. Iwo ndi telala, shopu yawo ili kuseri kwa sukuluyo, choncho masana ankaimitsa makina n'kukasuzumira pawindo la holo, tepi ili m'khosi.

Kunena zoona, zimene ankaona zinkawasangalatsa. Nsapato zinali mulu pakhomo, matiresi atayalidwa pansi ponse. Ana ena ankazunguza mbale zapulasitiki pa timitengo, ena akudzandira pachingwe chomangidwa chofika m'mawondo, manja ali tambalale. Mphunzitsi wawo anali bambo wamfupi kwabasi, koma ana ankamutchula kuti a Mtalitali, poti tsiku loyamba analowa m'holomo akuyenda pa ndodo zazitali mpaka kugunda babu ndi mutu.

Dzira mipira inamukana. Iwiri ankaigwira, wachitatu unkapita kwawo. Koma a Mtalitali anaona kuti mwanayu akagwetsa mpira, nkhope imene amapanga anzake onse amafa nayo ndi phwete. Anamupatsa mphuno yofiira ya mphira, nati uyu ndiye wanthabwala wathu. Kuyambira pamenepo Dzira ankabwera kunyumba thukuta lili kamukamu, kudya mpaka kupala mbale, kugona osatsokomola ngakhale kamodzi. Amake, mtima uli m'malo, anamusokera buluku lalikulu la zigamba zotsala m'shopu, loti mungalowe ana awiri.

Buluku lomwelo ndi limene linaulula. Pochapa amake anaona kuti fumbi lonse lili kumbuyo, ndipo atamufunsa, Dzira anavomera kuti m'mawa, iwo ali pamakina, amaphunzira kugwa. Kugwa! Anthu ena amatumiza ana kukaphunzira kompyuta, iwo mwana wawo mmodzi yekhayo akuphunzira kugwa. Dzira anayesa kufotokoza kuti pali luso lake: chibwano umachiika pachifuwa, umafikira pamnofu, ndiye umamenya pansi ndi chikhatho kuti phokoso likule pamene thupi silinamve kanthu. Amake anangomva mawu oti phokoso.

Anamuuza mosapita m'mbali kuti chionetsero cha tsiku lomaliza achite, poti buluku lasokedwa kale, koma akangoona kuti wapweteka, sekasi yathera pomwepo, holide ikubwerayo azidzasoka mabatani m'shopu. Dzira sanatsutse. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti tsikulo amakewo akhale pampando zivute zitani. Iwo anati amva.

Tsiku lachionetsero holo inadzaza makolo, ena ataima kukhoma, makanda akulira. Amake Dzira anakhala kutsogolo, pambali pa mchimwene wawo, amalume aja, amene ankangowaseka kuti nkhope aimasule, si maliro ano. Ozunguza mbale anachita zawo, mbale imodzi n'kuthawira pansi pa mipando. Oyenda pachingwe anawoloka onse, wina molira. Kenako kunatulukira Dzira, mphuno psuu, atanyamula ndowa yopanda kanthu ngati yolemera kwambiri.

Anthu anayamba kuseka asanachite n'komwe chilichonse. Anayenda monyada, kuwerama kupereka ulemu, buluku n'kutsetsereka. Analikoka, ndowa n'kugwa. Anatola ndowa, buluku n'kutsetserekanso. Ndiye anaponda mwendo wa bulukulo, miyendo m'mwamba, pansi phii! Phokoso lake linamveka mpaka kukhomo. Anagona chagada, osagwedezeka, ndowa ikugubuduka yokha.

Lonjezo lija amake sanalikumbukire n'komwe. Anangozindikira agwada pamatiresi, nsapato imodzi itatsala pampando. Sanamugwedeze, sanakuwe. Anachita zomwe akhala akuchita chibadwire mwanayo: anaika khutu pachifuwa pake. Holo yonse inaphulika ndi kuseka, anthu poganiza kuti mayiyu ndi wa m'sewero momwemo, mwina dokotala wake, poti tepi inali idakali m'khosi.

Iwo sankamva za anthuwo. Ankafunafuna kamluzu kaja kamene kankalira m'chifuwamo zaka zonse zija, koma kanalibe. Mpweya unkalowa n'kutuluka bwinobwino, mtima ukugunda mwamphamvu ngati wa munthu amene wangothamanga basi. Mimba ndiyo inkanjenjemera, chifukwa mwanayo ankalimbana ndi kuseka.

“Amayi,” ananong'ona Dzira, maso ali chitsinzire, “musandidzutse. Ndikudzuka ndekha.”

Manja a amake anali atalowa kale kunsi kwa mapewa ake. Anachita manyazi, ndipo pamodzi ndi manyaziwo anamva chimwemwe chimene sanachiyembekezere. Anawasolola manjawo pang'onopang'ono, n'kuimirira. A Mtalitali, munthu wochenjera, anawagwira mkono n'kuwaperekeza kumpando mwaulemu wonse, anthu akuwaombera m'manja. Mchimwene wawo misozi inali mbwembwembwe, chifukwa cha kuseka.

Dzira anadzuka mwa pang'onopang'ono, kuyamba ndi chala chimodzi, kenako mwendo, kenako thupi lonse, n'kudzisasa fumbi mwamatama ngati palibe chachitika. Anayang'ana kumene kunali amake, n'kuweramanso kuti atole ndowa. Iwo anadziwa chimene chikubwera. Anaika manja awo pampando n'kuwakhalira.

Mwana wawo atagwa kachiwiri, anaseka mochedwa kuposa wina aliyense m'holomo, koma anaseka.