Njoka ya Pansi pa Malata

Clarrie analumidwa akunyamula malata akale kuseri kwa khola la nkhuku. Ndinkamuuza mwamuna wangayu kuti awachotse nyengo yozizira, njoka zili zofooka. Iye anasankha Disembala.

Ndinamupeza atakhala pa ndowa, akuyang'ana mwendo wake ngati ndi wa munthu wina.

"Musavutike, Nola. Ndi kanjoka ka kudambo kodya achule kaja. Sikapha."

"Munakafunsa dzina? Gonani pansi."

"Ndingoyenda pang'ono ndikagone m'nyumba."

"Mukaponda pansi ndikumalizani ndine, njoka isanatero."

Anagona. Ndinakuwira mwana wathu Raelene kuti aimbire ambulansi ndi kubweretsa mabandeji otamuka amene timasunga pamwamba pa firiji. Anabwera nawo, komanso beseni la madzi ndi sopo.

"Taya madziwo, iwe. Achipatala akafuna ululu umene watsala pakhungupo kuti adziwe njoka yake."

Ndinakulunga mwendo wonse mothina, kuyambira kuzala mpaka m'ntchafu, ndikumangirirapo thabwa. Munthu akamayenda ululu nawo umayenda, ndipo ambulansi yochokera ku tauni ya Monto sifika kwathu msanga.

Nditadzutsa mutu ndinaona Tevita, mwamuna wa Raelene, akulowera kumalata kuja ndi fosholo, kumapazi atavala patapata. Mnyamatayu ndi wa ku zilumba za Tonga, pakati pa nyanja, ndipo njoka za kumtunda wazionera kuno. Apongozi akewa amawakonda zedi.

"Tevita, ukupita kuti?"

"Ndiiphe, amayi. Adokotala akaione, adziwe mankhwala ake."

"Akaona chiyani? Njoka yakupha ija timati ya bulauni imatha kukhala yakuda, yotuwa, ngakhale yamizeremizere. Apongozi akowa akalambira kuno, koma akuti ndi yodya achule."

"Ndiye tingoisiya? Yaluma bambo!"

"Mabandeji atha, mwanawe. Ikaluma iwe ndikumanga ndi chiyani, makatani? Bwera ugwire ambulera, dzuwa likumuwotcha."

Anaima kaye, fosholo ili m'manja. Kenako anaiponya pansi. Anagwada pambali pa Clarrie, chimunthu chonsecho, ambulera m'mwamba, misozi ili chuchuchu.

"Taonani," anatero Clarrie, "ndikanali moyo koma mkamwini wayamba kale maliro."

Atangotero anasanza, thukuta lili kamukamu, nayamba kudandaula mutu. Nthabwala zinathera pomwepo. Ndinamugwira mapewa kuti asatembenuke kwambiri, ndikumuuza za mitengo ya ng'ombe, chilichonse choti azinditsutsa. Ankatsutsa, koma motsitsa mawu.

Kuchipatala anaboola kazenera pa bandeji ndi kupukuta pabalapo ndi kathonje. Anatenganso magazi. Inali ya bulauni, ndipo magazi ake anali atasiya kuundana. Anamuika diripi ya mankhwala ake asanamasule mwendo, natiuza kuti tidikire panja.

Tevita anandifunsa ali pabenchi kuti njokayo titani nayo.

"Tiitana wogwira njoka akaitaye kutchire, achotsenso malatawo. Iwe utchetche udzu, utavala majombo. Makoswe akasowa chakudya pakhola, inanso siibwera."

M'mawa mwake namwino anatuluka akupukusa mutu. Ndinaimirira msanga.

"Mayi Nola, magazi ayamba kubwerera m'malo mwake. Koma kalowemoni msanga. Akukana tiyi wathu, akuti ndi madzi otsukira makapu."

Ndinatenga fulasiki ya tiyi wakunyumba m'chikwama ndikulowa.