Tinaimanso pa Mzere

"Dzina langa mulibe m'buku," anatero mayi wosoka zovala atabwerako ku khonsolo. Analembetsa kalekale malo mu msika watsopano. Popanda malowo, akanapitiriza kusokera pansi pa mtengo, mvula ikunyowetsa nsalu za eni ake.

"Akalaliki ati chiyani?" anafunsa amuna awo.

"Ati ndikaganize bwino, ndikabwerenso ndekha."

"Akufuna kangachepe amenewo. Tingogulitsa mbuzi."

Anamwino opuma pantchito, oyandikana nawo nyumba, anamva akuyanika zovala. "Achimwene, mbuzi yalakwanji? Achemwali, mayinawo analemba ndi chiyani?"

"Ndi pensulo."

"Buku amasunga ndani?"

"Iwo omwewo, m'kabati."

"Apo! Munthu mmodzi alembe yekha, asunge yekha, asankhe yekha, chitseko chili chotseka? Ngakhale wopemphera akhoza kuterereka. Tsiku lolembetsa, patsogolo panu panali ndani?"

"Mayi wogulitsa makala. Anandifunditsa ambulera yawo yong'ambika. Kumbuyo kunali bambo wokonza nsapato, anandisungira malo ndikuyamwitsa mwana."

Mayi wosoka ndi anamwino aja anayenda khomo ndi khomo kwa anthu amene analembetsa tsiku lija. Aliyense anakumbukira amene anaima naye.

Tsiku la msonkhano wa komiti ya msika, mayi wosoka anapemphera mwachidule nanyamuka. Anthu makumi atatu anaimanso pa mzere monga anaimira tsiku lolembetsa, ndipo anapempha wapampando kuti awerenge bukulo mokweza.

Mayina asanu ndi limodzi oyambirira anagwirizana ndi mzere. Dzina lotsatira linali lachilendo, ndipo palibe anayankha. Pamalopo panaima mayi wosoka. Wapampando anayang'anitsitsa pepala: panali pofufutidwa.

"Bwana, ameneyo anaima pa mzere wa kumaloto?" anafunsa wokonza nsapato. Anthu anafa nacho chiseko.

Mayina ofufutidwa anapezeka asanu. Kalaliki anaimitsidwa pantchito kuti afufuzidwe. Komiti inalamula kuti mayina azilembedwa ndi inki, anthu atatu azisainira, ndipo mndandanda uzikhomedwa pakhoma pamene aliyense angauone.

Mayi wosoka analandira malo awo. Mbuzi inatsala m'khola. Chinthu choyamba chimene anasoka pansi pa denga latsopanolo chinali ambulera ija, ndipo anakana malipiro.

Ziphuphu zimakula pamene munthu mmodzi akugamula yekha kuseri kwa chitseko. Musapereke kanthu. Itanani anzanu, funsani kuti buku liwerengedwe poyera.