Mpunga wa Mayi mu Jakuzi

Ine Gerishomo ndayenda, abale. Ku Joni ndakhalako, ku Durban ndasambako m'nyanja ya mchere, ku Nampula ndagulitsako matayala. Kumeneko ndinaphunzira kukonza jakuzi, bafa lalikulu lotenthetsa madzi lokha ndi kuwawinduwitsa. Nditabwerera kwathu ku Kachulu ndinamanga nyumba ya alendo, ndipo jakuzi yoyamba kuno kunyanja ya Chilwa ndinaiika ine ndi manja awa.

M'mawa wina wa mwezi wa Juni ndinamva kabokosi ka mabatani a jakuzi kakulira ngati mwanapiye. Pagalasi pake pankaphethira zilembo zofiira, OH. Zimenezo zimatanthauza kuti madzi atentha kupyola muyezo. Ndinavundukula chivundikiro, nthunzi inandimenya kumaso, ndipo m'madzimo munali thumba lonenepa, kukamwa kwake kutamasuka.

"Ndani wandiponyera katundu mu jakuzi?" ndinakuwa.

Achemwali anga aakulu, a Fanny, amene amalima mpunga ku sikimu ya Likangala, anatulukira kuseri ndi tsache m'manja.

"Musakuwe, achimwene, ndine. Ndanyika mbewu. Kuzizira kuno imachedwa kumera, ndiye ndinaona madzi anu ofunda akungokhala."

"Akungokhala? Achemwali, makina awa anakwera sitima yapamadzi!"

"Akwere ndege kumene. Madzi ndi madzi."

A Fanny anapisa dzanja m'madzimo n'kulibweza msanga. Nkhope inasintha.

"Gerishomo, iyi ndi mbewu ya mayi."

Malemu mayi athu anali ndi mpunga wawo wonunkhira umene makolo anabwera nawo kuchokera ku Mozambiki. Chaka chimene nyanja inaphwa anthu ambiri anadya mbewu yawo, koma a Fanny anasunga. Thumba limenelo linali lotsiriza. Likapsa, mpunga wa mayi watha padziko.

Ndinathimitsa swichi yaikulu. Tinakoka thumba lija awiriwiri, n'kulithira madzi ozizira a pamjigo. Kenako ndinagwada, ndinatsegula m'mbali mwa jakuzi. Paipi ya hita, kamakina kotenthetsa madzi, inali yotentha yosagwirika. Pampu ndinaizungulitsa ndi chala, inali bwinobwino. Mawaya a kachipangizo koyeza kutentha anali olimba. Nditasolola sefa ya madzi ndinapeza vuto: inali itatsekeka ndi mankhusu ndi njere zothawa m'thumba.

"Taonani," ndinatero. "Madzi samayenda, ndiye otsekeredwa m'paipi ndiwo anawira. Makina ataona choncho anazimitsa hita okha. A m'bafamu atentha, koma sanafike pamenepo."

"Ndiye mbewu ili moyo?"

Ndimadziwa makina a mitundu yonse, koma za mbewu ayi. "Tidikire," ndinatero.

Sefa yakudayo ndinaiponya m'beseni la madzi pang'ono kuseri kwa nyumba, ndinaika ina yatsopano. Nditayatsa, zilembo zofiira zinachoka, madzi anayamba kuwinduka mwaulemu. Ntchito yanga inatha mwaukatswiri monga mwa masiku onse, koma sindinasangalale. A Fanny anafunditsa thumba lija masamba a nthochi ndi udzu. M'mawa uliwonse ankapisamo dzanja, kuyang'ana njere, n'kuzibwezamo. Nthabwala zawo zinatha.

Patapita masiku angapo ndinapita kuseri kukatsuka sefa ija. Ndinaima chilili. Sefa yonse inali itamera! M'mapindo ake onse munatuluka timizu toyera ndi timasamba tobiriwira, tosongoka ngati singano, tonse titaloza kumwamba. Izi zinali njere zimene zinakhala pafupi kwambiri ndi moto, zokanikizidwa mumdima, madzi otentha akuzikoka usiku wonse.

"Achemwali! Thamangani!"

Anafika akupuma mwaphuma, anagwada, anakhudza kamsamba kamodzi ndi nsonga ya chala. Kenako anathamangira kuthumba, anang'amba masamba a nthochi. Mkati mwenimweni munali mofunda ngati pamimba pa nkhuku yofungatira, ndipo njere zinali zitang'ambika milomo, iliyonse ndi kadzino koyera.

"Mayi sanapite," ananong'ona.

Ndaona nyumba zokanda mitambo, ndaona sitima zazikulu kuposa mudzi wa Kachulu. Zonsezo ndinkaziyang'ana chipewa chili kumutu. Apa ndinachivula.

Masana omwewo tinanyamula thumba kupita ku nazale ku Likangala. Sefa ndinainyamula ine, ndi manja awiri, ndipo a Fanny anaikumbira malo ake pakona, m'matope.