Kuwokera Khungu ku Chikwa

Phillip anagona chagada, mwendo uli pamwamba pa pilo. Denga la malata linkadontha pakona. Kunja mvula, monga dzulo ndi dzana.

Anali mphunzitsi, mwana wa ku Matero mu Lusaka. Boma linamutumiza ku Chikwa m'chaka cha 1995, ndipo chigwa cha Luangwa sanachikonde n'kamodzi komwe. Kutentha. Udzudzu. Nyuzipepala yofika itakalamba. Tchuthi chikangoyamba, iye ndiye ankayamba kukwera lole. Koma ulendo uno njinga inamugwetsa panjira ya kusukulu, chitsa cha mtengo wa mupani n'kumung'amba pamsongolo. Kabala kakang'ono. Anakaseka. Kabalako kanadya mnofu mpaka kanakula ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Pamene ankamugoneka pa kachipatala, mitsinje inali itadzaza, msewu wa ku Lundazi utasanduka phala. Panalibe galimoto yolowa kapena yotuluka.

Woyang'anira odwala anali Norah, wochokera ku Kitwe. Sanali dokotala wamkulu, koma anthu onse ankamutcha adokotala. Mawu sankabisa.

"Chilonda ichi chikafika pa fupa, aTicha, ine ndilibenso chochita. Kumene mukapite akadula pansi pa bondo."

"Ndiye nditumizeni ku Lusaka, ba Norah."

"Pa chiyani? Pamsana pa mvuu?"

Pa bedi loyandikana panagona aBornwell, mlimi wa mpunga wa m'mudzi wapafupi, amene anadzitema ndi khasu pakatumba. Chawo chinkapola mooneka.

"Onani changa, aTicha," ankatero akuseka. "Chikutseka chokha ngati pakamwa pa mkamwini pamaso pa apongozi. Chanu chikudikira chiyani? Basi ya ku Lusaka?"

Koma Phillip anali ndi njira yake.

Norah ankangotsuka ndi madzi owiritsa a mchere, n'kumanga. Basi. Kwa Phillip umenewo unali umphawi wa chipatala cha kutchire. Tsono masana, Norah akapita kukapima amayi apakati, iye ankamasula bandeji. M'mphepete mwa chilonda ankapezamo kanthu koyererako, kopyapyala ngati kakhungu ka pamwamba pa mkaka wowiritsa. Litsiro, ankatero mumtima. Mafinya. M'chikwama anali ndi botolo la sipiriti woyatsira pulaimasi yophikira. Ankanyowetsa kansalu ka m'thumba, n'kupukuta atalumanitsa mano. Ankaleka pokhapokha magazi ofiira atatuluka. Amayi ake ku Matero ankatero: bala laukhondo ndi lofiira, mankhwala osawawa si mankhwala. Akamaliza ankamanganso bwinobwino. Kuuza Norah sankafuna. Zikanaoneka ngati akunyoza ntchito yake.

Norah anazunguzika mutu. Anasintha mapiritsi. Anapima mkodzo kufuna shuga, osapeza. Analamula mazira ndi nsinjiro.

Tsiku lina m'mawa anamasula bandeji, nayang'ana nthawi yaitali.

"Sindikumvetsa. Ndinasiya payamba kuyera m'mbalimu. Lero pafiiranso ngati nyama ya pa butchala. Ndipo chakula."

"Yayi, adokotala, kumeneko musawanene aTicha," analowerera aBornwell, mtima uli mbee. "Munthu waukhondo ngati uyu sindinamuone. Masana aliwonse akupukuta ndi mankhwala awo a m'botolo. Mpaka thukuta. Ine ndingalire, koma iwo zii. Amuna a m'tauni!"

Norah anatembenukira kwa Phillip.

"Botolo liti?" anafunsa Norah.

Phillip analitulutsa. Norah ananunkhiza, n'kulitseka pang'onopang'ono.

"Ndimachotsa mafinya," anatero Phillip. "Kuti chipole msanga. Ndichoke kuno."

Norah anakhala pansi m'mphepete mwa bedi. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinamuopsa Phillip kuposa kukalipa.

"ATicha, khungu silichokera m'botolo. Pansi penipeni pa khungu lanu pali timaselo tina, tosaoneka ndi maso. Ntchito yake ndi kubala tinzake. Munthu akavulala timagawikana, n'kumakwawa kuchokera m'mbali kulowa pakati. Koyera kaja si mafinya. Ndi khungu lakhanda. Thupi lanu limabala, inu n'kumapha."

Phillip anayang'ana manja ake.

"Ndaleka. Kuyambira lero."

"Manje mwachedwa. Gwirani apa." Anamugwiritsa chala m'mphepete mwa chilonda. Panali polimba ngati chikopa cha ng'oma. "Apa patopa. Sipabalanso mokwanira kutseka dzenje lonseli. Ndipo pansipa fupa layandikira. Tikatenge khungu kwina. Pantchafu."

"Kuwokera!" anafuula aBornwell. "Ngati mpunga! Kuzula ku nazale, kukabzala kudambo."

"Ndi momwemo, adada. Koma nazale yanu isunge pakamwa."

Anachita tsiku lotsatira, pafupi ndi zenera kuti aone bwino. Jekeseni wa dzanzi pantchafu ya kumanja. Kenako singano yokwezera khungu, ndi lumo latsopano. Kachidutswa kalikonse kanali ngati njere ya mphodza. Norah ankatinyamula kamodzikamodzi, n'kutiyala pachilonda m'mizere, motalikirana pang'ono. Phillip anayang'ana kudenga. Ankamva kukoka, osati ululu. Pomaliza Norah anaphimba ndi kansalu kopaka mafuta, anamanga, n'kumangirira mwendo wonse ku thabwa.

"Mverani bwino. Timeneti tilibe mizu. Tangokhala pamwamba. Mukaimirira, magazi athamangira pansi, tiyandama. Mukagwedeza, titsetsereka. Mukasuzumira, tituluka ndi bandeji. Mugone mpaka ine ndinene."

"Mpaka liti?"

"Mpaka ine ndinene."

Masiku anayamba kufanana. Kudya chogona. Kusamba chogona. Chimbudzi chobwera nacho pambale, aBornwell akuyang'ana kukhoma mwaulemu koma akuimba kanyimbo ka kutchalitchi kuti abise phokoso. Phillip ankatseka maso n'kuona Lusaka. Maminibasi a ku Matero, anyamata akukuwa pakhomo. Fumbi la ku Soweto Maketi. Munthu kungoyenda, kukhota pamene wafuna. Akatsegula maso, malata omwe aja.

Kenako kuyabwa. Kunayamba ngati nyerere imodzi, kenako mudzi wonse wa nyerere pansi pa bandeji. Fungo nalo linabwera. Zala zake zinkapita zokha kumwendo. Ankazibweza, n'kuzigonera.

ABornwell anatulutsidwa. Anatsanzika atanyamula kamtolo kawo.

"Tsalani bwino, aTicha. Mbande yowokera imayamba yafota, musaope. Ndidzakubweretserani mpunga wa chaka chino."

"Chaka chino ndidzakhala kulibe."

"Ehe. Onse amatero."

Bedi lawo linatsala lopanda kanthu. Wodi inakula.

Mvula inapumako pang'ono. Ndiye m'mawa wina kunamveka kulira kwa injini. Phillip anayesa maloto. Koma phokoso linakula, mpaka linaima pabwalo. Thirakitala yokoka ngolo, matope mpaka pamwamba. Inabweretsa makatoni a mankhwala. Woyendetsa, mwamuna wamfupi dzina lake Robson, anasuzumira mu wodi akupukuta nkhope.

"Ndamva kuli aTicha ofuna kutuluka. Ine ndibwerera manjemanje, mitsinje isanadzazenso. Malo alipo pa ngolo. Koma mugwiritse, bwana, msewu wake ndi wa ziwanda."

"Mubweranso liti?"

"Aaa. Mvula ikatha. Mwina."

Phillip anakoka chikwama pansi pa bedi. Lundazi. Chipata. Kenako basi yaikulu, msewu wa tala, madokotala enieni ovala zoyera.

Norah anaima pakhomo, katoni ili m'manja.

"Ba Norah, tsegulani ndione. Ngati tizidutswa tija tagwira, ndipita."

"Ndikatsegula lero, tituluka ndi bandeji. Nthawi yake sinakwane."

"Nanga fungo ili? Mwina tinafa kale. Mwina ndikugonera zowola, fupa likudyeka."

"Mwina."

"Mwina? Ndi zokhazo?"

"Sindiona kupyola nsalu, aTicha. Chimene ndikudziwa ndi ichi. Ngati tili moyo, ngolo ija itipha musanafike pa mtsinje woyamba. Mukafika ku Lusaka ndi dzenje lodzaza matope. Kumeneko ali ndi macheka abwino."

"Ndiye ndikhale pano ngati mbuzi ya pachingwe?"

"Ine sindimanga munthu. Chitseko icho." Anaika katoni pansi. "Muyesa ine thirakitala sindinaimve? Amayi anga ali ku Kitwe. Sindinawaone chaka chonse."

Anatuluka.

Kunja Robson analiza injini. Anthu ankakweza matumba, nkhuku, mayi wina wodwala maso. Wina ankaseka.

Phillip anadzuka n'kukhala tsonga. Anagwira thabwa, natsitsa mwendo pang'onopang'ono m'mbali mwa bedi. Chidendene chisanakhudze simenti, anamva. Kulemera. Kugunda pansi pa bandeji, ngati mtima wasamukira kumsongolo. Magazi akutsika, monga ananenera Norah. Anaganiza za tizidutswa tija, mmene tinakhalira m'mizere, topanda chogwira. Ntchafu yake yomwe. Analibenso china choperekera mwendo umenewu.

"ATicha!" anaitana Robson. "Tiyeni, mitambo iyo!"

Phillip anagwira mwendo ndi manja awiri. Anaukweza. Anaubweza pa pilo.

"Pitani!" anakuwa. Mawu anatuluka osweka. "Pitani, ba Robson!"

Thirakitala inabangula, n'kuyamba kuchoka. Phokoso lake linatenga nthawi kuti lithe. Linkazimirira, n'kumvekanso pokwera chitunda, n'kuzimiriranso. Phillip anamvetsera mpaka kunatsala achule okha. Madzulo mvula inabwerera.

Norah analowa mu wodi. Anangobweretsa tiyi.

Nthawi itakwana, anafika ndi beseni la madzi ofunda a mchere. Ananyowetsa bandeji nthawi yaitali, n'kumamasula pang'onopang'ono, nsalu imodzi ndi imodzi. Phillip anayang'ana kumbali. Kenako analephera kupirira.

Tizidutswa tina tinali takuda, tofota. Tinachoka ndi nsalu. Koma cham'munsi, pamene fupa linayandikira, tizidutswa tinakhala phee, totuwa mofiirira. Kalikonse kanali ndi kamkombero koyera kozungulira. Tiwiri tinali titagwirana kale.

Norah anapumira m'mwamba.

"Pansipa pagwira. Fupa laphimbika. Mwendo ndi wanu, aTicha."

Phillip anamwetulira.

"Musasangalale kwambiri. Pamwambapa tafa tonse. Pakufunika tina." Anamuyang'ana. "Ntchafu ya kumanzere."

"Liti?"

"Mawa, kukawala."

"Ndigonanso?"

"Mugonanso."

Phillip anayang'ana pazenera. Msewu sunkaoneka, madzi okhaokha mpaka ku mitengo. Anagona chagada, n'kupinda kabudula wa kumanzere kuti Norah aone pomwe adzayambire.